Mwawonjezera mphamvu za injini, nanga giyabokosi ya otomatiki mutenge iti? Mafunso ndi mayankho

Achimwene ambiri amene akuika injini ya 1UZ ya Lexus mu Hilux, kapena amene amanga turbo yaikulu pa 1JZ ya mu Mark II ndi Chaser, amabwera ndi mafunso omwewomwewo, ndiye ndati ndingowayankha pamodzi. Chimandiwawa ndi choti munthu amathira ndalama zonse pa injini, giyabokosi nkungotola iliyonse yomwe yapezeka, miyezi iwiri isanathe galimoto ili pa matabwa.

Kodi pali lamulo lomwe ndingatsatire posankha?

Lilipo, ndipo silovuta. Musayang'ane ma horsepower, yang'anani torque, mphamvu yopotokola ya injini, ija amailemba mu Nm. Chomwe chimapsereza ma clutch a mkati mwa otomatiki ndi mphamvu yopotokola ija pamodzi ndi kulemera kwa galimoto, ndiye giyabokosi yanu ikhale yoti imapirira torque yoposa yomwe injini ikutulutsa, osati zongofanana ndendende ayi. Makampani ena anatithandiza kale poika nambala pa dzina penipeni. Giyabokosi ya kampani ya ZF yotchedwa 8HP45 anaipangira 450 Nm, 8HP70 ndi ya 700 Nm. Ya Mercedes ija ya magiya 5 yomwe amaitchula 722.6 ilinso chimodzimodzi, W5A330 ndi yaing'ono, W5A580 ndi ya 580 Nm. Ndipo muwerengere torque yomwe mukufuna kudzafika chaka chamawa, poti tonse timadziwa kuti amene wayamba kukweza boost, mpweya womwe turbo imakankhira mu injini, sasiya.

Nanga yotchipa koma yolimba ndi iti?

Kwa ife kuno ine ndimati A340E ya Toyota, yopangidwa ndi Aisin, ndipo sindichita manyazi kuibwereza. Ndi ya magiya 4, ya nambala 4 ndi overdrive ya 0.705, giya yotsitsa ma rev a injini pa msewu wautali, ndipo ndi yomweyi imene Toyota anaidalira kuseri kwa 2JZ-GTE mu Supra, injini yotulutsa kupitirira 400 Nm isanakhudzidwe nkomwe. Abale ake ali mu Crown, Mark II, Hilux Surf, ngakhale Jeep Cherokee yakale ija anangoisintha dzina kukhala AW4, ndipo A341E ya mu Lexus LS400 ndi banja lomwelo. Ndiye masipeya sasowa, makanika wa ku Biwi kapena ku Ndirande amene anatsegulako otomatiki ambiri mwa iwo anaiona kale, komanso za magetsi ndi zochepa, pa zakalezo ma solenoid awiri osinthira magiya ndi imodzi ya lockup basi, ija imamanga torque converter (cholumikiza injini ndi giyabokosi) kuti isamaslipe.

Koma apa mvetsetsani, si A340E iliyonse yomwe ili yofanana. Yomwe inachoka pa injini yaing'ono ngati 1G ili ndi ma clutch plate ochepa kuyerekeza ndi yomwe inachoka pa injini ya turbo, kunja zimaoneka ngati mapasa koma mkati ndi zosiyana. Funsani kuti inachoka pa galimoto yanji, muwerenge kachitsulo ka nambala pambali pake. Bell housing, chigoba chomangira giyabokosi ku injini, nayo imasiyana, ya injini za JZ siilowa pa za UZ, bola imamasuka ndi mabawuti ndiye mutha kusintha. 1UZ yoyambirira imatulutsa cha m'ma 350 Nm, pamenepo A340E kapena A341E yabwinobwino siidandaula. Mukapitirira kwambiri ndi turbo mufunika kukweza line pressure, mphamvu ya mafuta okankha ma clutch, kufupikitsa ma accumulator, timapisitoni tofewetsa kusintha kwa magiya, kuti giya izilowa msanga osamakwekwereza, kenako ma clutch abwino.

Ku Joni anthu akuika ya BMW ya magiya 8, si yabwino kuposa pamenepo?

Kuyendetsa kwake ndi yabwino zedi, apo sindikana. 8HP70 imapezeka mu ma BMW a dizilo ngati 530d, giya yoyamba ndi 4.71 yomaliza 0.67, ndiye ponyamuka imalumpha koma pa msewu wautali injini ili phee mafuta osamwa kwambiri. Vuto ndi loti mtengo wa giyabokosi yokhayo umanamiza. Kompyuta yake ili mkati mwenimweni mwa giyabokosi ndipo imafuna kuyankhulana ndi galimoto yake, ndiye mufunika controller ngati TurboLamik kapena CANTCU, adapter plate yolumikizira ku injini yanu, shifter yake, propshaft yodula mwatsopano, mafuta ake omwe ndi odula, komanso munthu wodziwa kuitchuna pa laputopu. Mukaphatikiza zonsezi nthawi zambiri zozungulirazo zimadya ndalama kuposa giyabokosi. Ngati muli ku Johannesburg kapena Pretoria komwe anthu a ntchitoyi alipo, ndipo torque yanu yadutsa pomwe A340E imathera, itengeni. Ngati galimoto izikakhala kumudzi komwe wotchuna kulibe, ganizani kawiri.

Za ku America zija, TH400 ndi 4L80E?

Ndi zolimba zoona. TH400 ya kampani ya General Motors inayamba mu 1964, magiya 3, ilibe kompyuta, anthu a mipikisano ya drag amaikonda mpaka lero. Koma ilibe overdrive, pa M1 kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre injini izingokuwa njira yonse mafuta akutha. 4L80E ya 1991 ndi TH400 yomweyo yowonjezera overdrive ya 0.75, koma ndi yaikulu, yolemera, mwina mpaka kumenya ndi hamala tunnel, mphako ya pansi pa galimoto momwe giyabokosi imakhala, kuti ilowe. Ku America ndi zotchipa chifukwa zili mbwee mu ma scrapyard awo, kuno sipeya iliyonse muchita kuitanitsa. 4L60E ndi yotchipako koma ma clutch a giya 3 ndi 4 amapsa msanga mukaipatsa mphamvu zambiri.

Nanga CVT, otomatiki ija yopanda magiya owerengeka?

Ayi, isiyeni. Imayendera lamba wachitsulo, anaipangira kusunga mafuta osati boost.

Pogula yakale ndiyang'ane chani?

Sololani dipstick kapena masulani sump muone mafuta. Ofiira ndi abwino, akuda onunkha chopsereza ndiye kuti ma clutch anapita, ooneka ngati asakanizidwa ndi mkaka ndiye kuti munalowa madzi, imeneyo musatenge olo akutsitsireni mtengo. Pa maginito a mu sump kafumbi kosalala si vuto, koma tizidutswa ta chitsulo ndi nkhani ina. Ndipo mugule zonse pamodzi, torque converter, flexplate, mawaya, shifter ndi kompyuta, nchifukwa chake half cut ya ku Japan, theka lakutsogolo la galimoto yodulidwa pakati, imakhala bola kusiyana ndi kutolera chimodzichimodzi. Ngati kompyuta palibe, Spitronics ya ku South Africa imapanga zoyendetsa injini ndi giyabokosi zomwe anthu a ma Lexus V8 amagwiritsa ntchito kwambiri. Pomanga uzani makanika aonetsetse kuti converter yalowa mpaka pansi mu pampu asanamange mabawuti a bell housing, akakokera ndi mabawuti pampu imasweka galimoto isanayende nkomwe.

Cooler ndi yofunikadi kapena ndi zongowonjezera?

Ndi yofunika, ndipo pa ndalama zonse zomwe muwononge iyi ndi yochepa kwambiri. Otomatiki imafa ndi kutentha, converter ikamaslipa pokwera mtunda mafuta amatentha koopsa, tangoganizani kukwera kuchoka ku Chikwawa mu Okutobala kapena pa Chiweta mutanyamula katundu. Ikani cooler yapayokha yoziziritsa mafuta a giya kutsogolo kwa radiator, ngati nkotheka ndi geji ya temperature ya mafuta a giya, ndipo lockup muilumikize izigwira ntchito, ambiri amaisiya osalumikiza ndiye converter imangoslipa ulendo wonse. Mafuta thirani omwe alembedwa pa dipstick, zina zimafuna Dexron zina Type T-IV.

A Road Traffic ndi a inshuwalansi zikuwakhudza?

Nambala ya injini imalembedwa mu blue book, ndiye ngati mwasintha injini pitani ku Road Traffic akakonze mapepala, risiti yogulira injiniyo muisunge. A inshuwalansi nawo auzeni kuti galimoto munaisintha musanachite ngozi, apo ayi atha kudzakana kulipira.