Wanena club, koma akufunsa za spade

Loweruka lina mwezi wa June, mphepo ikutsika m'mapiri ozungulira Chipata, tinakhala anthu anayi pakhonde panga ndi makhadi, tikusewera bridge. Mkulu wina wa kumpingo kwathu, pochokera kumsika wa Kapata, anatsamiritsa njinga pakhoma n'kudzaima kumbuyo kwa mwana wa mlongo wanga, amene ndinali naye mbali imodzi. Ine ndinati "1 no trump". Mnyamatayo anayankha "2 clubs". Mkuluyo anasuzumira m'manja mwake, napukusa mutu.

"Aphunzitsi, njuga yokhayi yachepa, mwayamba kuphunzitsanso ana bodza? Mwanayu ali ndi ma club atatu okha."

Anawerenga bwino, ma club anali atatudi. Koma mnyamatayo sananame. Zaka zonse ndaphunzitsa bridge, pamenepa ndi pamene ophunzira atsopano amapunthwa, ndipo ndi pamenenso amayamba kuikonda akamvetsa.

Bridge imaseweredwa ndi anthu anayi, awiri mbali iyi, awiri mbali inayo, ndipo mnzako amakhala moyang'anizana nawe. Makhadi ndi 52, aliyense amalandira 13. Aliyense akaponya khadi limodzi, anayiwo ndi trick imodzi, ndipo amadya ndi amene waponya lalikulu. Koma khadi lisanagwe patebulo pamakhala okushoni, yofanana pang'ono ndi ya fodya. Kusiyana kwake n'kwakuti pano sutchula ndalama, umatchula lonjezo: ife awiri tidya ma trick akutiakuti, ndipo mtundu wakuti ndiwo ukhale trump, kutanthauza mtundu umene khadi lake, lingachepe bwanji, limadya la mtundu wina uliwonse. Ma trick 6 oyamba sawerengedwa, choncho wonena "4 spades" walonjeza 10. Wonena "no trump" akuti pasakhale mtundu wolamulira. Kawerengedwe ka mphotho kamene tikugwiritsa ntchito lero anakakonza ndi Harold Vanderbilt wa ku America mu 1925, ali paulendo wa pasitima yapamadzi.

Vuto ndi ili. Makhadi a mnzako suwaona, ndipo mawu ololedwa pa okushoni ndi 38 okha: malonjezo 35, kuphatikizapo pass (kusalonjeza kanthu), double ndi redouble (zochulukitsa mphotho ndi chilango cha lonjezo). Chonsecho makhadi 13 angakugwere m'manja m'njira zoposa mabiliyoni 635. Mawu ochepa chonchi sangakwanire ngati liwu lililonse lingonena zimene likumveka. N'chifukwa chake osewera amagwirizana kuti mawu ena akhale mafunso, ndipo mgwirizano wotere umatchedwa convention.

Poyeza mphamvu ya makhadi timati Ace ndi mapointi 4, King 3, Queen 2, Jack 1. Onse pamodzi ndi 40. Awiri mukafika 25 kapena 26, muyenera kulonjeza chimene timati game, pakuti mphotho yaikulu ili pamenepo. Game ndi ma trick 9 mu no trump, 10 mu spade kapena heart, koma 11 mu diamond kapena club. Khumi ndi limodzi ndi phiri lalitali, n'chifukwa chake wosewera wanzeru amayamba wafufuza ngati iye ndi mnzake ali ndi ma spade kapena ma heart okwana 8.

Tsiku limenelo makhadi anga anali awa:

♠ A J 6 2 ♥ J 5 4 ♦ K Q 3 ♣ A J 8

Mapointi 16, mitundu yogawika bwino. Ife "1 no trump" timatsegulira ndi 15 mpaka 17 (otsatira njira ya Acol ya ku London amatsegulira ndi 12 mpaka 14, ndiye muzifunsana musanakhale pansi). A mnyamatayo anali awa:

♠ K Q 7 4 ♥ 8 3 ♦ A 9 6 2 ♣ Q 5 4

Iye anali ndi 11. Atangomva mawu anga anadziwa kuti game ilipo, chotsala chinali kusankha iti. "2 clubs" yake sinkanena kanthu za ma club. Linali funso: amalume, muli ndi ma spade anayi kapena ma heart anayi? Ndikanakhala ndilibe ndikanati "2 diamonds", za diamond osakhudzako n'komwe. Ndinali ndi ma spade anayi, ndiye ndinati "2 spades", iye n'kutseka ndi "4 spades". Funsoli limatchedwa Stayman, potengera Sam Stayman amene analilemba mu 1945, ngakhale amene analiganiza ndi mnzake wosewera naye George Rapée, komanso Jack Marx ku Britain payekha.

Taonani ma heart athu. Tikanathamangira "3 no trump", wa kumanzere kwanga anali ndi A K Q ndi ena awiri, akanadya asanu motsatizana ife tisanagwireko kanthu. Anangokhala duu pa okushoni yonse, akudikira kuti tigwere m'dzenjemo.

Mkulu uja sanakhutire. "Ndiye kuti muli ndi chinenero chachinsinsi chobera anzanu." Apa ndimalimbikira kwambiri, chifukwa ndi pamene bridge imasiyana ndi makhadi a pansi pa mtengo. Chinsinsi n'choletsedwa. Wotsutsana nafe ali ndi ufulu wofunsa kuti "2 clubs" ikutanthauzanji, ndipo ine ndiyenera kumuuza zonse zimene tinagwirizana, osabisako. Kutsokomola mwadala, kutsinzinira, kupondana phazi pansi pa tebulo, ngakhale kuchedwa dala poponya khadi, zonsezi ndi kuba. M'mipikisano ikuluikulu amaika chotchinga pakati pa tebulo kuti anthu a mbali imodzi asaonane nkhope. Za njuga, sindikana kuti alipo amene amaikapo ndalama, monga amachitira ndi nsolo. Koma pampikisano makhadi omwewo amaseweredwa pamatebulo onse, ndipo umayerekezedwa ndi ena amene anagwira zomwe wagwira iwezo. Mwayi wa kagawidwe umathera pomwepo.

Convention ina imene ophunzira amaikonda msanga ndi Blackwood, ya Easley Blackwood mu 1933: "4 no trump" imafunsa kuti uli ndi ma Ace angati. Yankho la "5 clubs" ndi ziro kapena anayi, "5 diamonds" mmodzi, "5 hearts" awiri, "5 spades" atatu. Ine ndimachedwa dala kuiphunzitsa. Ntchito yake ndi kukubweza kuti usalonjeze ma trick 12 pamene ma Ace awiri akusowa, koma ana amaitenga ngati chikwapu chothamangitsira ng'ombe ku ma trick 12.

Tibwerere patebulo. Okushoni ikatha ndipo khadi loyamba likagwa, mnzake wa mwini lonjezo amayala makhadi ake poyera, ndipo amatchedwa dummy. Mwini lonjezo amasewera manja onse awiri. Wa kumanzere uja anatsogoza Ace wa heart, kenako King, kenako Queen. Wachitatuyo ndinamudula ndi spade 4 wa dummy. Ndinawerenga: wodulayu mmodzi, ma spade ena anayi, ma diamond atatu, Ace wa club, zakwana 9. Wachikhumi achokera ku club, pakuti tili ndi Queen ndi Jack ndipo King yekha ndiye akusowa. Njira yake ndi kuponya club wamng'ono kuchokera kwa dummy n'kuika Jack. King akakhala kumanja kwanga, Jack adya. Akakhala kumanzere, Jack afa, koma Queen atsala mfumu. Imeneyi ndiyo finesse, ndipo kuno ngakhale itakanika lonjezo likwanabe.

Chimene sindinaganize ndi nthawi yake. Ma spade asanu anali kwa adani. Asanu otere amagawika 3 ndi 2 pafupifupi maulendo 68 pa 100, koma 4 ndi 1 maulendo 28, ndipo 28 si wochepa. Ndinaponya King wa spade, ndinaponya Queen wake, ndipo pa Queen wa kumanzere anataya club. Anali ndi spade mmodzi yekha, wa kumanja anayi. Lamulo limene tonse tinaloweza limati chotsa ma trump a adani msanga, ndipo dzanja langa linangolitsatira: Ace, Jack, ma spade onse psiti. Kenako ndinapita kwa dummy ndi Ace wa diamond, n'kuyesa Jack wa club. King anatulukira kumanzere, ndipo m'manja mwa munthuyo munali mudakali ma heart awiri, ine wopanda chodulira. Ndinaperewera ma trick awiri pa lonjezo limene linali kale m'thumba.

Pamene ndinayenera kuima ndi pa Queen paja. Ndinali kale kwa dummy, spade 7 akadali patebulo, Ace ndi Jack m'manja mwanga. Club aponyedwe nthawi yomweyo. Wa kumanzere akadya ndi King n'kubweretsa heart, 7 uja amudula. Wa kumanja akakwera pamwamba ndi 9, ine ndikwera ndi Jack, Ace n'kutola 10 wotsalayo, ndipo ma diamond atatu ndi ma club awiri onse ndi anga. Khumi ndendende.

Mnyamatayo anali ataziona ali chete monga dummy ayenera kukhalira. Titatha anasonkhanitsa makhadi, nawayalanso monga analili pa trick yachisanu, n'kuloza 7 uja ndi chala. "Amalume, uyu ndiye anali mlonda wa pakhomo, munamuchotsa msanga." Mkulu uja anali atakoka kale mpando, akufunsa kuti nanga ndikanakhala ndi ma spade anayi ndi ma heart anayi omwe ndikanayankha chiyani. Yankho lake ndi "2 hearts", kuyambira pansi, kuti mnzako akhale ndi malo ofunsiranso za spade.