Kemo ikathothola tsitsi: uthenga kwa odwala khansa ndi osoka maduku kuno ku Johannesburg

Amayi, asisi, ndi inu abambo amene mukudwazika matenda, uthengawu ndi wanu. Pali anzathu ojambula ndi atelala ochokera kumudzi amene agwirizana kupanga maduku okongola a anthu amene ali pa mankhwala a khansa, wina amajambula maluwa kaya chambo pansalu, wina amasankha mitundu, wina ali pamakina kusoka, ndiye ndi bwino tonse tidziwe chimene chimachitika m'mutu mwa wodwalayo tisanamuveke kanthu.

Kemo ndi mankhwala a khansa aja, nthawi zambiri amalowa kudzera m'dilipu, ndipo amapha maselo amene amachulukana mwachangu. Maselo a khansa ndi otero, koma mizu ya tsitsi nayonso ndi yotero, ndiye imagwera momwemo. Kawirikawiri tsitsi limayamba kugwa pakatha masabata 2 kapena 3 chilandirireni dilipu yoyamba, munthu amadzuka m'mawa kupeza lili mbwee papilo, akapesa limatsalira m'chipeso, ena mpaka nsidze zimapita. Si mankhwala onse amene amatero, funsani adokotala anu kuti anuwo ndi ati. Radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi makina, yokha imathothola tsitsi la pamalo pomwe makina akulozapo basi.

Chomwe ndikupempha ndi mtima wonse n'chakuti musasiye mankhwala chifukwa cha tsitsi. Limameranso, kwa ambiri pakatha miyezi 3 mpaka 6 chimalizireni kemo mutu umakhala utadzaza, mwina lofewa kuposa kale kapena mtundu wosinthako. Koma khansa mukaisiyira panjira siidikira. Zimandipweteka kumva anthu akunong'onezana kuti uyu walodzedwa, kapena kuti kemo ndi imene ikumumaliza, ena mpaka kumupatulira mbale ndi kapu yakeyake. Khansa siyopatsirana, idyani naye nsima mbale imodzi. Ndipo achibale akatumiza mankhwala azitsamba pa basi kuchokera kumudzi, musamwe musanawauze adokotala chifukwa ena amasokoneza kagwiridwe ntchito ka kemo.

Tsitsi likayamba kugwa ambiri amasankha kumeteratu. Metani ndi makina, lezala ayi, chifukwa nthawi imeneyi chitetezo cha thupi chimakhala chotsika ndipo kabala kakang'ono kangathe kutukusira. Lilakisa, dayi, mameshi okoka ndi guluu wa wigi zidikire kaye. Sambani m'mutu ndi sopo wosaluma, dzolani mafuta opanda perefyumu. Musaiwale kuti Joni ali pamtunda wa mamita opitirira 1,700, dzuwa lake limawotcha khungu msanga ngakhale kunja kukuzizira, ndipo mu Juni ndi Julayi mutu wopanda tsitsi umamva chisanu koopsa, choncho kachipewa kathonje kogona nako n'kofunika.

Tsopano inu osoka ndi ojambula. Duku la munthu wa kemo si lofanana ndi lija timamanga popita ku ukwati kapena kumaliro, chifukwa pansi pake palibe tsitsi lotchinga, nsalu imakhudza khungu lenilenilo, khungu loti nthawi zina limawawa kungolikhudza. Chitenje chatsopano ndi shweshwe zimabwera zolimba ndi sitachi, zichapeni kaye mpaka zifewe musanadule. Satini ndi poliyesitala zimawala bwino pachithunzi koma pamutu wometa zimaterereka komanso zimatulutsa thukuta, thonje ndiye labwino. Mkati ikani kansalu kofewa ngati ka tisheti kuti msoko usakande, mikanda ndi tizitsulo zikhale kunja kokha, lasitiki asathine mpaka kusiya mzere pachipumi. Nsalu ya masentimita pafupifupi 90 mbali zonse imakwana kupinda pakati, kuphimba mpaka kunkhongo n'kumanga kumbuyo. Ojambula gwiritsani ntchito penti wansalu weniweni, musite kuti agwire, muchape musanapereke, fungo la penti kwa munthu amene ali kale ndi nseru ndi chilango. Nsalu zathonje mukafufuza ku Oriental Plaza ku Fordsburg simungazisowe.

Ndipo chonde mufunseni mwiniwakeyo mtundu umene akufuna. Si aliyense amafuna pinki, ena safuna kuti mu taxi aliyense adziwe kuti akudwala, amangofuna duku looneka ngati la mayi wina aliyense wopita ku ntchito kapena ku tchalitchi. Wina amafuna lofiira lowala loti anthu atembenuke, mpatseni lomwelo. Abambo ndi ana nawonso tsitsi limawathera, asokereni tizipewa. Amene akufuna wigi afunse ku CANSA, bungwe lothandiza odwala khansa lomwe linayamba mu 1931, amathandiza ndi mawigi opangidwa ndi tsitsi limene anthu amapereka pa Shavathon, mwambo wometa tsitsi pothandiza odwala khansa.

Duku lisabise zoopsa. Wodwala ali pa kemo thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena akunjenjemera, kapena akusanza osasiya, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, musangomupatsa Panado n'kudikira kuti kuche, ndipo mukafika nenani msanga kuti ali pa kemo.

Inu amene muli bwino kayezetseni. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo amayi amene ali ndi HIV ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Kukiliniki za boma kuno Pap smear, kuyeza kwa khomo la chiberekero, amachita mayi akafika zaka 30, 40 ndi 50, koma amene ali ndi HIV aziyezetsa zaka 3 zilizonse. Mwana wanu wamkazi akabwera ndi fomu ya katemera wa HPV kuchokera kusukulu, sainani. Mukamva kachotupa m'bere kapena m'khwapa, kapena mukutaya magazi mutasiya kale kusamba, yambirani kukiliniki ya pafupi nanu, akupatsani kalata yopitira ku zipatala zazikulu monga Helen Joseph, Charlotte Maxeke ku Parktown kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Kalatayo ndi makhadi anu onse achipatala muzisunga pamodzi ndipo muziyenda nazo ulendo uliwonse.