Matchona a ku Joni ndi tsiku lawo la Lachinayi

Lachinayi lililonse ndimawatenga amalume pagalimoto n'kukawatula pa holo ya tchalitchi china kum'mwera kwa mzinda wa Johannesburg, komwe achikulire ochokera kwathu amakumana. Onse anapuma pantchito. Alipo a m'migodi, alipo amene anakalambira m'makhitchini a azungu, matelala, alonda, ndi amayi amene analera ana a eni mpaka anawo kukwatira. Ikamakwana teni koloko bawo imakhala itayalidwa kale pakhonde. Nkhomo zimalira m'maenje, wina akutakata mosafulumira, anzake atamuzungulira ngati pali mlandu. Mkati amayi amakhala akuthira tiyi, mandasi ali m'beseni lovundikira ndi chitenje. Mayina a pa chitupa samveka pano. Mumangomva aPhiri, aNgozo, Nabanda, Che uje a ku Mangochi, ada a ku Nkhata Bay.

Achinyamata ena amati n'kungotaya nthawi kwa anthu osowa chochita. Ine zimandiwawa ndikamva choncho, chifukwa gulu ngati limeneli lili ndi mizu yaitali. Mzinda uno sunakonzedwe kuti Mmalawi adzakalambiremo. Unkafuna mphamvu zake zokha, zikatha azibwerera kwawo.

Golide anapezeka kuno mu 1886, ndipo pasanapite zaka zambiri anthu a ku Nyasaland anali atayamba kale kubwera. Chinkawathamangitsa kumudzi ndi msonkho wa nyumba umene atsamunda anakhazikitsa, ndiponso thangata m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu. Ambiri ankayenda pansi, kugwira ganyu m'mafamu a ku Rhodesia kuti apeze kamba, kenako n'kuoloka Limpopo. Amenewa ndiwo ankatchedwa a selefu, oyenda paokha osadzera kwa olemba anthu ntchito. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumpoto kotentha chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo, koma a selefu sanasiye kubwera. Ngakhale Kamuzu Banda ali mnyamata anadzera njira yomweyi. Anagwirapo ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg asanapite ku America mu 1925.

Chiletso chitachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, inafika nthawi ya Wenela. Aliyense amene anakwerapo basi ku Blantyre amadziwa depoti ya Wenela, koma si onse amadziwa kuti dzinali ndi la bungwe limene linkalembera migodi anthu. Mwamuna ankapimidwa thupi, kudinda chala, pambuyo pake n'kukwera ndege mpaka ku Francistown, kuchoka apo sitima mpaka ku Joni. Pamgodi ankagona m'kompaundi ya amuna okhaokha, pa mabedi a simenti osanjikizana, n'kumalankhula Fanakalo, chinenero chosakaniza cha m'migodi, ndi akapitawo. Mkazi ndi ana sankaloledwa. Gawo la malipiro linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi kontrakiti ikatha, ndipo ndi ndalama zimenezo anthu ankagulira njinga, wailesi, makina osokera ndi malata. Chilichonse chinakonzedwa kuti munthuyo abwerere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya kuno anali oposa 100,000.

Koma sikuti onse ankabwerera. Ena ankathawa mgodi n'kukalowa ntchito za m'nyumba, ena anakwatira kuno, ena anachita manyazi kubwerera chimanjamanja, chaka chino mawa, chaka chino mawa, mpaka imvi. Kumudzi anawapatsa dzina loti matchona. Ndi dzina lolemera. Limanenedwa ndi mayi amene anadikira mpaka maso kuchita chidima, ndi mwana amene bambo wake amangomudziwira pa chithunzi. Amalume anga ndi mmodzi mwa iwo, ndipo sindibisa kuti agogo anamwalira akuwafunsa.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown. Anthu 78 anafa, pafupifupi onse Amalawi. Kamuzu anaimitsa nthawi yomweyo kulemba anthu a m'migodi, ndipo zikwizikwi anabwezedwa kumudzi. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977, chaka chimene Wenela inasintha dzina kukhala TEBA, imene kwathu timati Theba, koma chiwerengero sichinafikenso pakale. Kenako kunabuka mkangano wa kuyeza HIV anthu opita kumigodi, kuyeza kumene boma la Malawi linakana, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anachotsedwa m'migodi. Apo ndi pamene njira ya Theba inatsekeka. Amene anatsala kuno anatsala paokha, opanda bungwe lowayang'anira, ndipo m'holo muja mukafunsa munthu chaka chimene anabwera, amayankha potchula ngati inali ndege isanagwe kapena itagwa.

Tsankho litatha mu 1994, boma latsopano linapereka mwayi mu 1996 woti anthu a m'maiko a SADC amene anakhala kuno zaka zisanu kapena kuposerapo atenge chilolezo chokhazikika. Amene anamva msanga n'kukalembetsa, lero amalandira ndalama ya okalamba ya SASSA, bungwe la boma lopereka thandizo, akakwanitsa zaka 60. Amene anali kuseri kwa mpanda wa bwana osamva kanthu, kapena anaopa kuti ndi msampha wowagwirira, anaphonya. Pa benchi imodzi pamakhala madala awiri amene anabwera chaka chimodzi, wina ali ndi khadi la SASSA, wina akudalira ana ndi mpingo.

Gulu lathuli silinayambe ngati malo ochezera. Linayamba ndi maliro, monga magulu ambiri a Amalawi kuno. Mmalawi akamwalira, funso loyamba limakhala loti mtembo upita bwanji kumudzi. Ulendo wake ndi wautali: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo ponseponse pamafunika mapepala ndi ndalama. Choncho anthu ankasonkha mwezi ndi mwezi, msungichuma n'kumalemba m'kope. Atakalamba anaona kuti akungoonana pa maliro pokha, wina akadwala osadziwika mpaka atauma m'kachipinda ka kuseri. Ndiye anati tizikumanako tili moyo. Kope la zopereka lija likadalipo, limatsegulidwa pemphero likangotha, bawo isanayambe.

Kamodzi pamwezi kumabwera mlendo wodzalankhula. Namwino amabwera kawirikawiri, kudzayeza BP ndi shuga, n'kuwakumbutsa za mchere ndi kumwa mankhwala osadumphitsa. Kunabwerapo wodziwa malamulo kudzafotokoza za kulemba wilo, nkhani yovuta kwa bambo amene ali ndi ana ku Soweto ndi ena ku Mzimba amene sanaonanepo. Koma tsiku limene holo inadzaza mpaka ena kuima pakhomo ndi la nkhani ya mapapo. Fumbi la miyala ya mu mgodi wa golide limalowa m'chifuwa n'kumaumitsa mapapo pang'onopang'ono. Matendawa amatchedwa silicosis, sachizika, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu. Mu Julaye 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni pakati pa makampani asanu ndi imodzi a golide ndi anthu amene anadwala, ndipo panakhazikitsidwa Tshiamiso Trust yolipira amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo kuyambira Malichi 1965 mpaka Disembala 2019, kapena abale awo ngati eniake anamwalira.

Mlendo atanena kuti pamafunika umboni woti munthu anagwiradi ntchito pamgodi, ndinaona bambo wina amene amakhala chete nthawi zonse akupisa m'thumba la mkati la jekete. Anatulutsa kapepala ka pulasitiki ka shuga komanga ndi mphira. Zala zikunjenjemera anamasula, n'kuyala patebulo kakhadi kofiirira kothothoka m'mbali, kali ndi nambala yake ya kumgodi ndi chithunzi cha mnyamata wa tsitsi lakuda bii, khosi lonenepa. Anakasunga zaka zoposa makumi anayi. Nambalayo anaitchula pamtima osayang'ana, kenako chifuwa chinamugwira, anakhosomola mpaka mayi wina kumubweretsera madzi. Ena mapepala otere anawataya posamuka, ena anapsa, ena anawasiya kumudzi kwa mkazi woyamba. Kuyambira tsiku limenelo adzukulu awiri amabwera ndi laputopu kudzathandiza kulemba mafomu. Ndimaganiza kwambiri za anzawo amene anabwerera ku Ntcheu kapena ku Nkhotakota, akukhosomola chimodzimodzi, opanda wowayalira nkhaniyi m'chinenero chawo.

Pali mkangano umodzi umene sutha, ndipo umabuka ngakhale pakati pa bawo: kubwerera kapena kukhala. Ena amati munthu ayenera kukagona pafupi ndi makolo ake, ndipo ndi bwino kupita ndi miyendo yako kusiyana n'kupita m'bokosi pa ngolo yokokedwa ndi galimoto. Ena amafunsa kuti akafikira kwa yani, poti munda anagawana kale, amene ankawadziwa anatha, ndipo chipatala chimene chimawapatsa mankhwala chili kuno. Ziwawa zothamangitsa alendo zimene zinayambira ku Alexandra mu Meyi 2008 n'kupha anthu 62 zinakulitsa mkanganowu. Anthu amene anakhala kuno zaka makumi anayi anauzidwa ndi ana obadwa dzulo kuti azipita kwawo. Ine sindiweruza mbali iliyonse, ndaona misozi kumbali zonse ziwiri.

Chimene ndinapempha komiti n'chakuti mwezi wina mlendo asachokere kunja, alankhule mmodzi wa iwo, ife ndi ana athu tikhale pansi timvere. Anavomera, ndipo anayamba ndi amalume. Usiku wake sanagone, anandiuza kuti ndiwasitire malaya oyera. Ataima kutsogolo anayamba ndi kutchula mudzi wawo, mfumu yawo ndi dzina la mayi awo, kenako anafotokoza za m'mawa umene anatsika koyamba m'chikepe cha mgodi, makutu atatseka, akugwira malaya a munthu amene sankamudziwa. Anapatsidwa mphindi makumi awiri. Tiyi anazizira m'makapu, ndipo mwana wanga wamkazi, amene Chichewa amangochimva osachiyankhula, anajambula zonse pafoni mpaka batire kutha.