Lamulo la "Out of the Box" pa mipikisano ya akasinja a pulasitiki: mafunso ndi mayankho

Anthu akamaona zithunzi za akasinja omwe ndimamanga amafunsa zambiri, ndiye ndati ndiyankhe pamodzi, makamaka za gawo la mpikisano lotchedwa Out of the Box, mwachidule OOB, chifukwa ndi gawo lomwe limamukomera munthu wa kiti (bokosi la tizidutswa tomangira kasinja) yotchipa.

Kodi lamuloli limati chani kwenikweni?

Limati umange ndi zomwe wazipeza mu bokosi basi. Usagule mzinga wa chitsulo, matcheni a chitsulo, tizidutswa ta resin kapena timalata topyapyala tija amati photo-etch ngati fakitale sinaikemo. Lamuloli mulipeza m'mipikisano ya IPMS, bungwe la omanga ma model lomwe linayamba ku Britain mu 1963, lomwenso limapangitsa chionetsero chachikulu cha Scale ModelWorld ku Telford mwezi wa Novembala. Koma nthambi iliyonse imalemba malamulo ake, mawu amasiyana pang'ono, ndiye pepala la malamulo a mpikisano umene mukupitawo muliwerenge musanatsegule guluu.

Analiikiranji?

Chifukwa zokongoletsa zoonjezera zija zimatha kudula kuposa kiti yeniyeniyo, matcheni okha mtengo wake ungagule kasinja wina. Ndiye amene ali ndi thumba lonona amafika ndi chinthu chodzaza tizitsulo, mnzake wa kiti ya mtengo wotsika nkumaoneka ngati sanalimbikire pomwe manja ake ndi aluso kwambiri. OOB imati tiyeni tione manjawo. Ine ndimalikonda lamuloli ndi mtima wonse chifukwa cha chimenechi.

Ndiye ndingomata basi osakonza kalikonse?

Ayi ndithu, apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kudula bwino tizidutswa, kupala ndi sandipepa mizere yomwe imatsala pa pulasitiki, kutseka mipata ndi putty, zonsezi nzololedwa ndipo majaji amayambira pomwepo. Amayang'ana ngati mzinga uli ndi mzere pakati pomwe mbali ziwiri zakumana, ngati matayala onse akugunda pa tcheni, ngati matcheniwo sanapendekeke, ngati chala chaguluu sichinadinde pa chitsulo cha kutsogolo. Penti yokongola siibisa zimenezi, amawunika ndi tochi mpaka kunsi. Zinthu ngati kuika eriyo ya waya kapena ma decal (tizizindikiro ndi manambala omata pa kasinja) ogula padera ndi zomwe ena amalola ena amakana, izi ndiye muzione pa pepala la malamulo lija.

Pepala la malangizo a kamangidwe lobwera mu bokosi ndilitaye ndikamaliza?

Musataye. M'mipikisano yambiri amafuna muliike pambali pa kasinja wanu kuti jaji atsimikize kuti chilichonse chachokeradi mu bokosi. Opanda pepala amamuchotsa m'gawoli.

Nanga kudetsa kasinja, fumbi, matope, dzimbiri, nkuphwanya lamulo?

Sikuphwanya, ndipo kukoma konse kwagona pamenepa, kudetsa kumeneku, komwe amati weathering, ndi mbali ya penti, si chidutswa choonjezera. Ndondomeko yomwe ndimatsata ndi iyi, ndikapenta ndi acrylic ndimathira vanishi wonyezimira kaye, kenako ma decal, chifukwa ukawamata pa penti yokhakhala mpweya umatsalira kunsi nkumaoneka mbuu ngati siliva. Zikauma ndimasungunula penti ya oyilo yabulawuni ndi thina wake mpaka ikhale ngati tiyi wopanda mkaka, nkumadontheza ndi burashi yosongoka m'mizere ndi mozungulira ma bawuti, imayenda yokha m'ngodya ndipo mwadzidzidzi kasinja uja amayamba kuoneka wolemera ngati chitsulo. Chifukwa chake pansi pakhale acrylic nchakuti thina wa oyilo saidya, ukathira pa enamel yosatetezedwa penti yonse imatha kusungunuka.

Zokalika timapanga ndi kachidutswa ka siponji, kuviika mu penti yakuda mofiirira, kupukutira pa pepala mpaka itsale pang'ono zedi, nkumagunda m'mphepete mwa zitseko ndi pomwe asilikali amaponda pokwera. Fumbi ndi choko cha pastel chopalidwa ndi mpeni, ngakhale dothi lenileni losefa bwino losakaniza ndi guluu woyera wa matabwa limapanga matope abwino. Pensulo wamba ukaipaka pa mano a tcheni imawala ngati chitsulo chopekesedwa. Palibe chodula apa.

Dzimbiri ndiike lochuluka bwanji?

Pang'ono, ndipo ndikunenetsa. Akasinja ambiri a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse sankakhalitsa zaka ali ku nkhondo, ankadetsedwa ndi fumbi, matope ndi mafuta otayika, osati kuwola ngati galimoto yotayidwa kuseri kwa galaja. Dzimbiri malo ake ndi pa ekizozi pomwe kutentha kumapsereza penti, ndi pa matcheni osungira omangirira kutsogolo. Labala wa m'matayala sachita dzimbiri. M113, galimoto ya matcheni yonyamula asilikali ya ku America, thupi lake ndi aluminiyamu ndiye ukaipaka dzimbiri lofiira m'mbali wodziwa amaona pompo. Komanso dothi lifanane ndi komwe kasinjayo anali, mchenga wotuwa wa ku Libya si matope akuda a ku Ukraine, ndipo katondo wofiira samveka pa T-34, kasinja wa a Soviet, wa m'chipale.

Mtundu wa penti nawo uli ndi lamulo?

Lamulo la OOB silikukakamiza mtundu, koma mbiri imakutsogolera. A Germany ankapenta motuwa moderako kumayambiriro kwa nkhondo, kuyambira Febuluwale 1943 anasinthira ku chikasu choderako chotchedwa Dunkelgelb. A Soviet anali ndi chobiriwira cha 4BO, a America chobiriwira mothimbirira chotchedwa olive drab.

Kodi 1/35 yalembedwa pa bokosiyo ndi chani, ndiyambe ndi iti?

Kutanthauza kuti chinthu chenichenicho chagawidwa ka 35. Msilikali wamtali mamita 1.75 amakhala masentimita 5, kasinja wa ku Germany wotchedwa Panzer II yemwe anali pafupifupi mamita 4.8 amatuluka masentimita 14 osakwana pang'ono. Sikelo imeneyi anaitchukitsa ndi a Tamiya, kampani yopanga makiti ya ku Shizuoka ku Japan, ndipo inabadwa mwangozi, Panther yawo ya 1961 inali yoyenda ndi mota ndiye anaipanga kukula kwake kuti mabatire akwanemo, atayeza anapeza kuti ndi 1/35. Nchifukwa chake makiti awo akale ngati T-34/76 ndi M41 Walker Bulldog ali ndi mabowo kunsi a switchi ndi mota, amenewo muwatseke chifukwa majaji amawaona.

Poyambira ine ndimati Panzer II ya Tamiya ya 1971 ija, ikugulitsidwabe, tizidutswa ntochepa, timalumikizana popanda kulimbana nato, muli ndi asilikali omwe, matcheni ake ndi a labala omwe umalumikiza posungunula timitu take ndi sikuludiraiva yotentha. Ngati malo ndi ochepa kunyumba pali 1/72 ya Revell kapena Zvezda, ndi 1/76 ya Airfix, zotchipirapo, kungoti tizidutswa timachepa kwambiri ndipo siponji ija imafuna dzanja lopepuka kuposa pa 1/35.

Ngati sindikufuna mpikisano, lamuloli lindithandiza chani?

Dziikireni nokha kunyumba. Ndaona anzanga akusunga kiti mu kabati zaka akudikira kuti apeze kaye ndalama ya mzinga wa chitsulo, pomwe akanaimaliza pa masabata awiri ndi guluu, burashi ziwiri ndi mabotolo atatu a penti. Mukaimaliza yoyambayo ijambuleni panja m'mawa dzuwa lisanakwere, chithunzicho chikuonetsani mpata uliwonse womwe maso anaudumpha, ndiye yachiwiri mudzayambire kukonza pamenepo.