Zala zitatu za maskauti si chizindikiro cha usatana

Nthawi ndi nthawi pamamveka mphekesera yoti maskauti akakweza zala zitatu, chala chachikulu chitapanikiza chaching'ono, ndiye kuti akulambira satana, ndipo kuti amene anayambitsa gululi, Robert Baden-Powell, ankakokera ana m'gulu lachinsinsi. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo zimandipweteka kuona mwana akuletsedwa kupita kwa anzake chifukwa cha nkhani yopanda mutu.

Baden-Powell anali mkulu wa asilikali a Britain amene anatchuka poteteza tauni ya Mafeking ku South Africa mu 1899 ndi 1900. Mu Ogasiti 1907 anatenga anyamata 20 kukagona m'mahema pachilumba cha Brownsea ku England, kenako mu 1908 anatulutsa buku la Scouting for Boys limene aliyense ankatha kugula. Nanga chinsinsicho chili pati?

Zala zitatuzo zimakumbutsa mwana mbali zitatu za lonjezo lake: kutumikira Mulungu ndi dziko, kuthandiza anthu ena, ndi kusunga malamulo a maskauti. Lonjezoli amalinena mokweza, pagulu. Wofuna kudzudzula Baden-Powell akambe za nkhondo za atsamunda zimene anamenya nawo, monga yolimbana ndi Amandebele mu 1896, chifukwa zimenezo zinachitikadi.