Galimoto zakale za m'minda ya tiyi: kumene mkangano wa injini udachokera

Okonda galimoto zakale a ku Thyolo ndi ku Mulanje akakumana, kaya ndi pa garaja ya mnzawo ku Luchenza kaya ndi pamthunzi pa Chitakale, sachedwa kugawikana pawiri pa nkhani ya injini. Ena amati Land Rover yakale imene adaichotsa injini yake n'kuikamo ya Toyota idasanduka chinthu china, ndipo siyenera kuwerengedwa pakati pa galimoto zamakedzana ngakhale thupi lake litakwanitsa zaka 60. Anzawo amayankha kuti pakadapanda injini yobwereka ija, bwenzi galimotoyo lero ili chiphapha choikiramo nkhuku kuseri kwa nyumba. Mkanganowu umamveka ngati wa amakaniko okhaokha, koma mizu yake idalowa m'mbiri ya tiyi, ya njanji ndi ya kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo munthu amene sadziwa mbiri imeneyi amafulumira kugamula mlandu asanamve mbali zonse.

Tiyi adafika m'maboma awiriwa galimoto isanafike. Henry Brown adabzala tiyi ku Mulanje m'chaka cha 1891 pogwiritsa ntchito mbewu zochokera ku mishoni ya Blantyre, ndipo khofi, amene atsamunda oyamba adamudalira, atayamba kukanika, minda yambiri idatembenukira ku tiyi. Thyolo, imene azungu ankailemba kuti Cholo, idatsatira pambuyo, ndipo esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, adaikhazikitsa Maclean Kay m'chaka cha 1923. Pa zaka zoyambirirazo katundu ankayenda pamitu pa anthu. Amtengatenga ndiwo ankasenza mabokosi, ndipo bwana kapena dona akafuna kuyenda ulendo ankanyamulidwa pa machila ndi amuna amene ambiri mwa iwo ankakhala pamalo a esiteti pansi pa lamulo la thangata, kulipira malo okhalapo ndi thukuta lawo. Ambiri mwa anthuwa adali Alhomwe amene ankaoloka malire kuchokera ku Mozambique. Kusintha kwakukulu koyamba kudabwera ndi njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, imene idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908 ndipo idadutsa pa Luchenza. Kuchokera pamenepo funso la mwini munda aliyense lidali limodzi: tiyi wouma achoke bwanji kufakitale kukafika pa siteshoni m'nyengo ya dzinja, misewu itasanduka phala?

Malole ndiwo adayankha funsoli, ndipo n'chifukwa chake mbiri ya galimoto kuno idayamba ngati mbiri ya ntchito, chisangalalo chidabwera pambuyo. Tiyi wothyoledwa sadikira. Masamba akachedwa kufika kufakitale amatentha m'matumba n'kuwonongeka, choncho lole kapena thirakita ikafa m'mawa, pofika madzulo mwini munda wataya ndalama. Komanso nyengo imene tiyi amaphuka kwambiri ndi yomweyo imene mvula imagwa mosalekeza m'mphepete mwa phiri la Mulanje, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa dothi lofiira lija mpaka matayala kumangozungulira pamalo amodzi. Esiteti iliyonse yaikulu idakakamizika kukhala ndi garaja yakeyake, yokhala ndi osula, owotcherera ndi amakaniko, popeza chitsulo choitanitsa ku Britain chinkatenga masabata ambiri pa sitima ya pamadzi kudzera ku Beira. M'magaraja amenewa ndi mmene ana a anthu a thangata adaphunzirira sipanala. Mnyamata ankayamba ndi kutsuka zitsulo ndi palafini, kenaka n'kumapatsira zida, ndipo patapita zaka ankatha kumva ndi khutu lokha kuti injini ikudwala pati.

Land Rover idatulukira m'chaka cha 1948, ndipo idakhala ngati adaipangira dala minda ya kuno. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, chitsulo chinkasowa ku Britain, motero kampani ya Rover idapanga thupi la galimotoyi ndi aluminiyamu, chasisi chokha ndiye chidali chachitsulo. Chisankho chobwera chifukwa cha umphawichi ndicho chidaipatsa moyo wautali m'dera lachinyontho ngati lino, pakuti aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira limene lidadya ma Morris Minor ndi galimoto zina zazing'ono za nthawi imeneyo. Zigawo zake zambiri n'zomanga ndi mabawuti, kotero kuti munthu wokhala ndi masipanala ochepa akhoza kuiphwasula yonse pansi pa mtengo wa mango n'kuibwezeretsa. Mtundu wachiwiri udatuluka mu 1958, wachitatu mu 1971, ndipo injini ya malita 2.25, ya petulo kapena ya dizilo, idakhala yodziwika kwa makaniko aliyense. Pambali pake pankayenda malole a Bedford, ndipo kuyambira 1960 Peugeot 404 idayamba kutchuka chifukwa cha kupirira kwake m'misewu ya zigumula, kenaka 504 mu 1968.

Pamene thangata lidathetsedwa mu 1962 ndipo dziko lidalandira ufulu mu 1964, galimotozi sizidasinthe eni tsiku limodzi. Zidatsika pang'onopang'ono. Esiteti ikagula zatsopano inkagulitsa zakale, ndipo wogula nthawi zambiri ankakhala kapitawo, kalaliki, dalaivala wopuma ntchito kapena makaniko yemwe uja amene ankaidziwa galimotoyo mkati ndi kunja. Apa ndi pamene moyo wake wachiwiri unkayambira. Galimoto imene inkanyamula bwana mmodzi ndi galu wake kupita kukalabu idayamba kuchita matola, kunyamula nthochi za ku Thyolo ndi zinanazi za ku Mulanje kupita ku Limbe, kutengera amayi oyembekezera kuchipatala usiku, ndi kunyamula maliro kukwera nawo zitunda za ku Thekerani kumene basi ya kampani ya United Transport Malawi (UTM) sinkafika pakhomo pa munthu. Ndikaona wina akudandaula kuti kumbuyo kwa galimoto yotere kudawotchereredwa zitsulo zogwirira zimene kufakitale sadaikeko, ndimakumbuka kuti zaka zimene idatumikira anthu a m'midzi nthawi zambiri n'zochuluka kuposa zimene idatumikira esiteti.

Zaka za m'ma 1980 ndizo zidabereka injini zobwereka zimene anthu akukanganirana lerozi. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira za njanji zopita ku Beira ndi ku Nacala, katundu adayamba kuzungulira njira zazitali zodula, ndipo ndalama zakunja zogulira masipeya zidali zopereweratu. Mwini galimoto wa ku Muloza kapena ku Limbuli amene injini yake idagogoda sadali ndi mwayi wosankha pakati pa chitsulo choyambirira ndi chobwereka. Adali ndi mwayi wosankha pakati pa kuyenda ndi kuimika galimoto pa njerwa. Nthawi yomweyo Toyota Land Cruiser ndi Hilux zidali zitayamba kulanda malo m'maesiteti, m'boma ndi m'mabungwe, choncho injini zake za dizilo zinkapezeka mosavuta m'galimoto zochita ngozi. Kuika injini ya ku Japan m'galimoto ya ku Britain si ntchito yamasewera. Pamafunika kusula mbale yolumikizira injini ndi giyabokosi, kusuntha miyendo imene injini imakhalapo, kukonzanso mapaipi a madzi ndi a utsi, ndiponso kuonetsetsa kuti mphamvu ya injini yatsopanoyo isathyole maekiselo amene adapangidwira mphamvu yocheperapo. Amisiri amene adachita zimenezi analibe mapulani olembedwa, ndipo ambiri a iwo sukulu adalekezera ku pulayimale.

Kenaka kudabwera zinthu ziwiri zimene zidafulumizitsa imfa ya injini zakale za petulo. Choyamba ndi mafuta. Kuyambira 1982 dziko lino lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe, poyamba wa ku Dwangwa ndipo pambuyo pake wa ku Chikwawa, ndipo ethanol amafewetsa mapaipi akale a mphira ndi kukoka chinyontho m'thanki ya galimoto imene imakhala nthawi yaitali osayenda. Pofika kumayambiriro kwa 2006 maiko a kum'mwera kwa Sahara adasiyanso petulo wokhala ndi mtovu, pomwe injini zambiri zakale zinkadalira mtovu womwewo kuteteza pamene mavavu amakhala. Chachiwiri ndi kusefukira kwa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, zimene zidayamba kuchuluka chuma chitamasulidwa m'zaka za m'ma 1990. Popeza ku Japan amayendetsa kumanzere kwa msewu monga ife, galimotozi sizinkafuna kusintha chilichonse, ndipo munthu wa matola adaona kuti minibasi imadya mafuta ochepa ndi kunyamula anthu ambiri kuposa Peugeot ya bambo ake. Msewu wa Limbe kudzera ku Bvumbwe ndi Thyolo mpaka ku Muloza, komanso wa Midima, itakhala ya phula labwino, ngakhale kufunika kwa galimoto yokoka ndi matayala onse anayi kudachepa kwa anthu a m'mbali mwa msewu.

Maganizo akuti galimoto yakale iyenera kukhala monga idatulukira kufakitale adachokera kwina. Ku Britain, ulendo wa pachaka wa galimoto zakale wochokera ku London kupita ku Brighton umalola galimoto zokhazo zimene zidapangidwa chisanafike chaka cha 1905, ndipo mawu akuti vintage kumeneko amatanthauza galimoto za pakati pa 1919 ndi 1930. Bungwe la FIVA, limene limagwirizanitsa makalabu a galimoto zakale a m'maiko ambiri, limati galimoto ya mbiri ndi imene yakwanitsa zaka 30, yosungidwa mogwirizana ndi mbiri yake, ndiponso yosagwiritsidwa ntchito ngati yoyendera tsiku ndi tsiku. Mfundo yomalizayi ndi imene imandisekesa, chifukwa ikadatsatidwa kuno bwenzi galimoto zambiri zakale za ku Thyolo zitagwa mayeso, popeza mpaka lero zikutuntha mchenga, nkhuni ndi matumba a chimanga. Komabe sindikunyoza a mbali ya injini yoyambirira. Ali ndi mfundo ziwiri zolimba. Yoyamba ndi yakuti kulira kwa injini yakale, fungo lake ndi kachedwedwe kake pokwera chitunda ndi gawo la mbiri limene silibwerera likatayika. Yachiwiri ndi ya ndalama: chiyambire pamene fakitale ya ku Solihull ku Britain idasiya kupanga Land Rover Defender yakale mu Januwale 2016, mitengo ya Land Rover zakale idakwera kunja, ndipo ogula amafuna zimene nambala ya injini ikugwirizana ndi ya m'mapepala.

Pamene ndimasiyana nawo ndi pa mawu akuti "mogwirizana ndi mbiri yake". Mbiri ya galimoto ya ku Mulanje sidathere pa tsiku limene idatsika sitima ku Beira. Mbale yosula pamanja yolumikiza injini ndi giyabokosi ndi umboni wa zaka za nkhondo ndi za kusowa, monga momwe chizindikiro cha esiteti pachitseko chilili umboni wa nthawi ya atsamunda, ndipo wochotsa mbaleyo n'kuitaya kuti galimoto ioneke ngati ya m'chithunzi cha ku Ulaya amafufuta dzina la mmisiri wa kuno n'kusiya la fakitale lokha. Amene ali ndi mwayi wopeza injini yoyambirira aibwezeretse ndithu, koma zitsulo zimene wachotsazo azisunge, ndipo afunse akuluakulu kuti adazisula ndani.

Chimene mbali ziwirizi zimagwirizana n'chakuti mdani wawo ndi mmodzi, ndiye sikelo ya ogula zitsulo zakutha. Aluminiyamu yemwe uja amene adateteza Land Rover ku dzimbiri ndi amene akuikopera kwa osungunula mapoto, ndipo masipuling'i ake osula amawafuna popangira nkhwangwa ndi zikwanje. Mwini wake akamwalira, ana amene alibe ndalama yoikonzera, makamaka pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 n'kukweza mtengo wa sipeya iliyonse yoitanitsa kunja, saona chifukwa chosungira chiphapha pabwalo. Chasisi nacho chimaola mwakachetechete kuchokera mkati, mmene matope ofiira adaunjikana kwa zaka zambiri, kotero kuti galimoto yooneka bwino kunja ikhoza kuthyoka pakati poikoka. Ikapulumuka pamenepo imakumana ndi vuto la mapepala, pakuti bulubuku nthawi zambiri limakhala m'dzina la munthu amene adamwalira kalekale, injini imene ilimo si imene idalembedwa, ndipo popanda kukonza zimenezi ku Road Traffic galimotoyo singapeze COF yoyendera pamsewu. N'chifukwa chake okonda galimotozi, ngakhale amakangana, amasinthana zitsulo ndi kuuzana kumene aona chiphapha chokhala ndi nambala yakale ya MJ kapena TO chisanakwere lole ya ogula zitsulo. Amene wachipeza amayamba ndi kupala utoto wa pachitseko pang'onopang'ono ndi sandipepa, ndipo pansi pa utoto wa buluu wa mwini matola pamatulukira woyera wa mishoni kapena wa bungwe, kenaka pansi penipeni wobiriwira wa esiteti, nthawi zina nambala ya galimotoyo m'kaundula wa garaja ikuwerengekabe.