Kashopu ka wulu kuno ku chigwa cha Shire: mafunso a laisensi, msonkho ndi mapepala ena

Azimayi anzanga oluka amene mwatopa ndi kumangolukira anthu ndipo mukufuna muzigulitsanso wulu ndi singano zolukira, mafunso mumandifunsa aja ndi omwewomwewo nde ndati ndiyankhe kamodzi. Chachikulu mugwire apa nchakuti mapepala a bizinesi alipo atatu, amachokera kumaofesi atatu osiyana, ndipo lina sililowa mmalo mwa linzake.

Atatuwo ndi ati?

Loyamba ndi satifiketi ya dzina la bizinesi, imachokera ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi potsata lamulo la Business Registration Act la 2012, masiku ano mutha kulembetsa pa intaneti pa MBRS, tsamba la boma lolembetsera mabizinesi, osakweranso mapiri aja kupita ku Blantyre, bola chiphaso cha unzika chili mmanja. Lachiwiri ndi laisensi ya khonsolo yokulolani kuchita malonda pamalo pamenepo. Ngati muli ku Nchalo, Ngabu, Dyeratu kaya Miseu Folo yanu ndi khonsolo ya Chikwawa, a ku Bangula, Tengani, Marka ndi Makhanga ndi ya Nsanje. Lachitatu ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA, iyiyi ndi yaulere.

Ndalembetsa kale dzina, a khonsolo andivutiranjinso?

Apa mpamene ambiri amagwera. Satifiketi ija imangonena kuti dzinalo ndi lanu, imakuthandizani potsegula akaunti ya bizinesi ku banki kapena mukafuna oda ya majuzi a yunifolomu pasukulu, koma sinena kuti mwaloledwa kutsegula chitseko pa trading centre. Amene amayenda shopu ndi shopu kuona mapepala ndi a khonsolo ndipo ali ndi mphamvu yokutsekerani mpaka mutalipira. 

Ine ndimangoyala pa benchi tsiku la msika, zikundikhudzanso?

Inu chanu ndi tikiti ya msika, mumadula tsiku limene mwayala basi. Laisensi ya pachaka ndi ya amene ali ndi chipinda kaya okala yokhazikika. Komano mukayamba kusunga katundu mchipinda cha lendi nkumatsegula tsiku ndi tsiku mwasanduka shopu, olo katakhala kakang'ono bwanji.

Ndi ndalama zingati, nanga imatha liti?

Mtengo amaika ndi a khonsolo, umatengera mtundu wa bizinesi, kukula kwake ndi malo, ndipo umasintha, nde funsani ku ofesi ya msika wanu akuonetseni pepala la mitengo, osamangomva za mmaluwa. Mukamafotokoza nenani zoona kuti ndi malonda a wulu ndi zosokera, asakulembeni mgulu la mashopu akuluakulu a nsalu. Ndipo ndalama isatuluke mchitenje musanaone risiti ya khonsolo yadidindo, munthu akati “tingogwirizana pompano amayi” dziwani kuti mawa kubwera wina mudzalipiranso.

Za nthawi izi ndi zimene ndimafuna mumvetsetse chifukwa zimatipweteka ife a wulu kuposa a golosale. Kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo nkutha pa 31 Malichi ndipo makhonsolo amayendera chomwecho, yang'anani tsiku lolembedwa pa laisensi yanu. Tsono Epulo ndi mwezi womwewo umene mukufunika mpamba wopikulira katundu wa nyengo yozizira, chifukwa woluka juzi yoti mwana adzavale mu Juni ndi Julaye amagula wulu mu Epulo ndi Meyi, ndipo kuno kuzizira kwake nkwakanthawi kochepa, mukachedwa masabata angapo basi mwaphonya, Okutobala akafika ndi dzuwa lathuli palibe angayang'ane juzi. Miyezi yotenthayo timadyera tizipewa, masokosi ndi masholo a makanda (wakhanda amamuveka chipewa olo kunja kukuotcha, azigogo salola zina), komanso zoyala pamipando ndi patebulo ndi tizikwama. Nde ndalama ya laisensi ipatuleni mu Julaye malonda akadali otentha, kaisungeni kaya ku banki mkhonde kaya pa foni, osadikira Malichi amene mthumba mumakhala muli mbee ndipo mwinanso msewu wa M1 wadulidwa ndi madzi.

Ndikatenga TPIN sindiye kuti ndadziitanira mavuto?

Mantha amenewa ndi omveka koma kashopu kakang'ono sikalipira ngati kampani. A MRA ali ndi msonkho wa mabizinesi ang'onoang'ono umene amati presumptive tax, amawerengera ndalama zonse mwagulitsa pachaka, ndipo VAT amalembetsa okhawo amene malonda awo adutsa mlingo umene boma linaika, kashopu kongoyamba sikafika kumeneko. Chimene chidzakuyankhulireni ndi kope. Lembani tsiku lililonse zimene mwagulitsa, za ngongole zomwe, ndi za pa Airtel Money ndi Mpamba zomwe, chifukwa popanda kope mukangana ndi chani munthu akakuganizirani kuti mumapanga zambiri. Mapepala onse ajambuleni pa foni nkudzitumizira pa WhatsApp, enieniwo akhale mpulasitiki pamwamba pa shelefu, amene munaona madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 simufunika kuuzidwa kawiri. Wulu nayenso asamagone pansi.

Nanga ndikakapikula ku Limbe kapena ku Mozambique?

Thonje timalima konkuno koma wulu timagulitsayu pafupifupi yense ndi wa acrylic wochokera kunja, nde ambiri timakatenga kumahoselo a ku Limbe. Pemphani risiti nthawi zonse, imakuthandizani pa rodibuloko akafunsa za chikwama chanu komanso powerengera phindu. Mukalowera ku Marka kukatenga tsidya linalo, katundu wamalonda amayenera kuonetsedwa kwa a MRA pa boda nkulipira zoyenera. Zodutsa njira zachidule pa kabaza kaya pa bwato zimaoneka zotchipa mpaka tsiku limene adzakulandeni bhelo yonse.

Ndikufuna ndizigula ma koni akuluakulu a wulu nkumapombeza timipira tating'ono, zikuloledwa?

Palibe choletsa ndipo phindu lake ndi labwino. Koma mukayamba kunena kuti kampira aka ndi magalamu 50 kaya 100 ndiye kuti mukugulitsa pa sikelo, ndipo sikelo yamalonda imayenera kuyesedwa nkudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Kasikelo ka kukhitchini sikawerengedwa.

Ndilembe pakhoma kuti katundu akagulidwa sabwezedwa?

Ayi asisi, musalembe. A CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, amaletsa zikwangwani zoterezi chifukwa wogula ali ndi ufulu wobweza katundu woonongeka, mwachitsanzo wulu wodukaduka mkati, wodyedwa ndi makoswe kapena wosuluka pochapa koyamba. Mitengo nayonso iziikidwa poonekera. Zimene sizikukakamizani ndi za munthu amene waluka theka la sholo kenako wasintha maganizo. Mkangano umene umabwera kawirikawiri ndi wa mtundu, munthu wagula mipira inayi ya pinki, yamuthera, wabwera patatha mwezi nkupeza pinki wake wasiyana pang'ono ngakhale kampani ndi yomweyo. Pa lebulo pamakhala nambala ya mtundu ndi ina ya gulu limene ananyikira limodzi, muonetseni wogula manambalawo asanalipire, mufunseni akuluka chani nkumuuza mipira yokwanira, ngati ndalama yachepa asiye dipoziti mumusungire yotsalayo mjumbo yolemba dzina lake kwa masabata awiri.